Naonso Angelezi ali ndi machona ao

Kuno kum'mawa palibe mudzi umene sudziwa mau akuti mchona. Makolo athu anapita ku Halale, ku Joni ndi ku Migodi. Ena anabwerako ndi njinga, masutukesi ndi makina osokera, ena anathera komweko osatumiza ngakhale kalata imodzi. Cifukwa ca mbiri imeneyi ambiri a ife timayesa kuti kusiya kwanu ndi kukafuna moyo kwa eni ndi tsoka la anthu osauka okha. Koma dziko la Britain, kumene ana athu ambiri, makamaka manesi, anathamangira m'zaka za m'ma 2000, nalonso lakhala likutaya ana ake caka ndi caka.

Mu 2006 bungwe lofufuza-fufuza la IPPR la ku London linalengeza kuti anthu a ku Britain okwana 5.5 miliyoni anali kukhala kunja kwa dziko lao. Ndiko kunena kuti pafupi-fupi munthu mmodzi mwa anthu 10 alionse anali mchona. Ku Australia kokha kunali 1.3 miliyoni, ku Spain 761,000, ndipo ena anamwazikana ku America, Canada, New Zealand, South Africa ndi kuno kwathu. Ambiri mwa iwo sanathawe nkhondo kapena njala. Anacoka mwa kufuna kwao, ndalama zili m'thumba. Nanga kodi mtima wao umakhazikika kumene anapitako? Akamati “kwathu” amanena kuti? Nkhani yao itithandiza kumvetsa ana athu amene ali kunja, ndiponso azungu amene tikhala nao m'dziko muno.

Ulendo wa mapaundi 10

Nkhondo yaciwiri ya pa dziko lonse itatha mu 1945, Britain linali dziko lotopa. Nyumba zambiri zinali zitagwetsedwa ndi mabomba, ndipo cakudya cinali kugulidwa mwa muyeso ndi makadi a boma. Nyama inakhala ya muyeso mpaka 1954. Nthawi yomweyo Australia anali ndi malo aakulu koma anthu ocepa, ndipo boma lake linali kufuna azungu, makamaka olankhula Cingelezi. Maboma awiriwa anapangana kuti munthu wamkulu azilipira mapaundi 10 cabe pa ulendo wa sitima ya pamadzi wa milungu inai kapena kuposerapo, ana osalipira kanthu. Pangano linali lakuti ukhale kumeneko zaka ziwiri. Wofuna kubwerera nthawi isanakwane anali kubweza ndalama zonse za ulendo wopita, kenaka n'kudzilipirira yekha ulendo wobwerera.

Pofika 1972 anthu oposa 1 miliyoni anali atapita m'njira imeneyi, ndipo eni dziko anawacha “Ten Pound Poms”. Asananyamuke anali ataonetsedwa zithunzi za dzuwa, nyanja ndi nyumba zokhala ndi bwalo. Atafika, ambiri anaikidwa m'misasa ya malata imene kale inali ya asilikali, yotentha ngati uvuni m'cilimwe. Cinenero cinali cimodzimodzi, mfumu imodzimodzi, tiyi yemweyo, komabe anali alendo. Khrisimasi imene anaizolowera ndi cisanu ndi moto m'nyumba inawapeza thukuta lili kamu-kamu. Foni inali yodula kwambiri, kotero kuti uthenga wa maliro unali kufika pa kalata malemu ataikidwa kale. Akadandaula, eni dziko anali kuwaseka kuti ndi anthu ong'ung'udza, n'kuwakumbutsa kuti sitima yopita kwao ilipo. Olemba mbiri amati amene anapukwa kwambiri anali azimai. Bambo anali kupeza anzake ku nchito, pamene mai anali kutsala yekha ndi ana, amai ake ndi acemwali ake ali kutsidya kwa dziko lapansi.

Ana ndiwo anazolowera msanga, paja mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Julia Gillard anabadwira ku Barry m'dziko la Wales mu 1961. Anali kudwala cifuwa, ndipo makolo ake analangizidwa kuti mwanayo angacire bwino ku dziko lofunda. Banjalo linasamukira ku Adelaide mu 1966. Mu 2010 mwana yemwe uja anakhala nduna yaikulu ya Australia, mkazi woyamba pa mpando umenewo, ndipo analamulira mpaka 2013.

Obwerera, ndi obwereranso

Akuti mwa anthu anai alionse amene anapita, mmodzi anabwerera ku Britain. Codabwitsa n'cakuti pafupi-fupi theka la obwererawo anamanganso katundu n'kupitanso ku Australia, ulendo uno ndi ndalama zao. Cinawabweza n'ciani? Anapeza kuti kwao kuja kunalibenso. Msewu unali womwewo, koma nyumba zinaoneka zazing'ono, thambo lakuda, anzao atakwatira n'kusamuka. Abale anawalandira sabata yoyamba, koma sabata yaciwiri aliyense anabwerera ku zocita zake, ndipo panalibe wofuna kumva nkhani za ku Australia kawiri.

Ife izi tizidziwa. Mchona wobwera kucokera ku Halale patapita zaka 30 anali kupeza mudzi utasamuka, munda wake ukulimidwa ndi mphwake, mtengo umene anali kukhala pansi pake utadulidwa, ndipo ana akumufunsa kuti, “Mufuna ndani, bambo?” Munthu akamapukwa sapukwa malo okha. Amapukwanso nthawi imene anasiya, ndi anthu monga momwe analili tsiku lija anatsazika. Malo ungabwerereko pa basi kapena pa ndeke, koma ku nthawi kulibe galimoto yopitako. Makolo anati kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka, ndipo sananame. Koma kwanu kumafuna kupaliridwa ngati munda. Ukakusiya zaka zambiri osakuyendera, upeza kwamera chire.

Kamudzi ka ku Mangalande pa dzuwa la Spain

Gulu lina ndi la opuma nchito. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, maulendo a ndeke atachipa, ambiri anagulitsa nyumba zao n'kukagula zina m'mbali mwa nyanja ku Spain, m'madera a Costa del Sol ndi Costa Blanca. Anatsata dzuwa, cifukwa mafupa a nkhalamba sagwirizana ndi mphepo ya kwao. Kucokera ku London kukafika ku Malaga ndi maola pafupi-fupi atatu cabe, motero anaona ngati sanacoke. M'matauni ena muli malo omwera mowa a Cingelezi, masitolo ogulitsa tiyi ndi Marmite wa kwao, nyuzipepala za Cingelezi, ndi mpira wa ku Mangalande pa TV. Munthu atha kukhala kumeneko zaka 20 osadziwa kupepesa maliro m'cinenero ca eni dziko. Si onse ai. Alipo amene anaphunzira cinenero, anatumiza ana ku sukulu za boma, ndipo ena anafika posankhidwa kukhala makhansala.

Pali mau awiri amene tiyenera kuwachera khutu. Mngelezi wokhala ku Spain amakonda kudzicha “expat”, koma nesi wa ku Katete wogwira nchito ku Manchester amachedwa “immigrant”. Onse awiri anasiya kwao kukafuna moyo wabwino. Kusiyana kwake n'kwakuti woyamba uja sayembekezeredwa kusintha kanthu, pamene wathuyu ayenera kulemba mayeso a Cingelezi, kuphunzira malamulo ndi kuugwira mtima akanyozedwa. Masiku ano ngakhale Angelezi ena amavomereza kuti mau awiriwa ayeza anthu ndi miyeso iwiri yosiyana.

Vuto la kamudzi kodzipatula limaonekera ukalamba ukafika peni-peni. Bambo akamwalira, mai wamasiye atsala yekha. M'zipatala za ku Spain, monga kwathu kuno, abale ndiwo amayembekezeredwa kukhala pambali pa wodwala, koma iye ana ake ali ku Britain ndipo mau a dotolo sawamva. Ambiri amabwerera kwao pa nthawi imeneyi, n'kupeza kuti mitengo ya nyumba inakwera kotero kuti sangagulenso ngati ija anagulitsa.

Mtundu umakula ukakhala kutali

Ife timawacha onse Angelezi, koma iwo amadziwana. Pali a ku England, a ku Scotland, a ku Wales ndi a ku Northern Ireland, ndipo munthu wa ku Scotland sakondwa ukamucha Mngelezi, monga momwe Mngoni kapena Mnsenga amamvera ku Migodi akamangochedwa Mnyanja. Ali kwao ambiri salabadira za mbendera kapena za miyambo. Akakhala kunja ndi pamene zimadzuka. A ku Scotland amapanga mabungwe ao ndipo pa 25 January amasonkhana kukumbukira mlakatuli wao Robert Burns, atavala nsalu za mafuko ao. A ku Wales amasunga tsiku la David Woyera pa 1 March ndi nyimbo za m'cinenero cao. M'mwezi wa November ambiri amavala duwa lofiira pa cifuwa kukumbukira amene anafera ku nkhondo.

Si zacilendo kwa ife. Amene amadzaza mabasi kupita ku Mtenguleni pa Nc'wala kapena ku Mkaika pa Kulamba kawiri-kawiri ndi a ku Lusaka ndi ku Kitwe. Wokhala pafupi ndi citsime samva ludzu.

Boma likaiwala mwana wake

Pa 23 June 2016 anthu a ku Britain anavota kuti dziko lao licoke m'bungwe la European Union, ndipo ofuna kucoka anapambana ndi mavoti 52 pa 100 alionse. Amene nkhaniyi inawakhudza kwambiri anali okhala ku Spain, France ndi maiko ena a ku Ulaya. Koma lamulo la nthawi imeneyo linali lakuti munthu amene wakhala kunja zaka zoposa 15 sangavote. Ambiri anangoonerera ena akugamula za moyo wao. Britain atacoka m'bungwelo pa 31 January 2020, amene anali ndi mapepala okhalira anatsala, koma kuyambira 2021 amene alibe mapepala amaloledwa masiku 90 okha pa masiku 180 alionse. Ena amene anali kudzitama ndi pasipoti yao anayamba kupempha unzika wa France, Germany kapena Ireland, ena mtima ukuwawa, ena mokwiya.

Mkulu wina, Harry Shindler, amene anamenya nao nkhondo ku Anzio m'dziko la Italy mu 1944 ndipo pambuyo pake anakhazikika m'dzikolo, anatha zaka zambiri akumenyera ufulu wovota. Nyumba ya malamulo inacotsa malire a zaka 15 mu 2022, ndipo lamulo latsopano linayamba kugwira nchito mu January 2024. Iye anamwalira mu February 2023 ali ndi zaka 101. Anaona lamulo litasainidwa, koma voti sanaiponye.

Nkhani ina yowawa ndi ya penshoni. Wopuma nchito wokhala ku Britain amakwezeredwa penshoni ya boma caka ciliconse. Cimodzimodzi wokhala ku Spain, ku America kapena ku Philippines, cifukwa pali mapangano. Koma wokhala ku Australia, Canada, New Zealand, South Africa kapena kuno ku Zambia amalandira ndalama zomwe zija anayamba nazo, mpaka kufa. Anthu oposa 400,000 ali m'vuto limeneli. Anne Puckridge, amene anatumikira m'gulu la nkhondo pa nkhondo yaciwiri, anasamukira ku Canada mu 2001 kuti akhale pafupi ndi mwana wake wamkazi. Mu 2024 anali kulandirabe mapaundi 72.50 pa sabata, pamene anzake otsala kwao anali kulandira mapaundi 169.50. Alimi adziwa tanthauzo lake: zili ngati kugulitsa cimanga pa mtengo wa zaka 20 zapitazo pamene feteleza ukugula pa mtengo wa lero.

Amene anabwera kuno kwathu

Mbali ina ya nkhaniyi inacitikira pa nthaka yathu, ndipo si yokoma yonse. Ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata, azungu olima fodya anapatsidwa minda yabwino pansi pa kampani ya North Charterland, pamene Angoni ndi Acewa anapanikizidwa m'malo ocepa mpaka nthaka inaguga. Nkhondo yaciwiri itatha ambiri anabwera ku migodi ya kopa, pa njanji ndi m'maofesi a boma, ndipo cakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 azungu a ku Britain ndi a ku South Africa anali pafupi-fupi 70,000. Ambiri anakhala moyo wa mkati mwa mpanda: makalabu ao, sukulu zao, zipatala zao. Munthu wakuda anali kugula nyama pa kazenera ka m'mbali mwa buchala. Cinenero cimene ambiri anaphunzira cinali Cilapalapa, colamulira nchito cabe. Ngakhale ana obadwira ku Kitwe anali kunena kuti akupita “kwao” akamapita ku Mangalande, dziko limene anali asanalionepo.

Ufulu utabwera mu 1964 ambiri ananyamuka, ena kum'mwera, ena ku Australia, ena ku Britain. Kumeneko kupukwa kunatembenuka. Anayamba kulakalaka fungo la mvula yoyamba, mango, dzuwa la October, ndipo nkhani zao zonse zinali kuyamba ndi “pamene tinali ku Rhodesia”, mpaka anansi ao anawapatsa dzina lowaseka lakuti “Whenwe”. Kuno anali kupukwa ku Mangalande, ku Mangalande anayamba kupukwa kuno.

Ena ocepa anatenga njira ina. Stewart Gore-Browne, msilikali wobadwira ku London mu 1883, anafika mu 1911 kudzalemba malire a dziko lino ndi Congo. Mu 1914 anagula maekala 10,000 ku Shiwa Ng'andu, ndipo kuyambira 1920 anamanga cinyumba ca njerwa cofanana ndi za akulu-akulu a kwao. Anali kuvala suti pa cakudya ca madzulo pakati pa thengo. Anali wa mtima wapacala ndi dzanja lofulumira pa anchito, n'cifukwa cake anamucha Cipembere. Ulimi wake wa mafuta a zipatso za mtundu wa ndimu unagwa mitengo itagwidwa matenda. Koma munthu yemweyo anakhala zaka zambiri m'nyumba ya malamulo akulankhulira anthu akuda, ndipo pambuyo pake anaima ndi Kenneth Kaunda ndi cipani ca UNIP pamene azungu anzake anali kumuona ngati wogulitsa mtundu. Atamwalira mu 1967 anaikidwa ndi ulemu wa boma pa phiri la ku Shiwa komweko. Ungelezi sanausiye, koma manda ake anasankha kuti akhale kuno.

A ku Malambo akumbukira Norman Carr, amene anaphunzira ku England koma zaka zambiri za moyo wake anazithera m'cigwa ca Luangwa. Mu 1950 anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kupatula malo osungira nyama kuti ndalama za alendo odzaona zizipita kwa anthu a m'deralo. Anamwalira mu 1997.

Ndiye pali a Guy Scott, obadwira ku Livingstone mu 1944, bambo ao dotolo wocokera ku Scotland, mai ao a ku England. Alimi awakumbukira ngati nduna ya zaulimi pa cilala ca 1992, caka ca cimanga cacikasu. Anakhala waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2011, ndipo a Michael Sata atamwalira ku London pa 28 October 2014, iwo anagwirizira mpando mpaka January 2015. Koma pa masankho sanaime, popeza lamulo la 1996 linali kufuna kuti makolo onse awiri a woima akhale nzika za Zambia mwa kubadwa. Miyezi itatu imeneyo inatifunsa funso limene Angelezi a ku Australia ndi ku Spain amadzifunsa usiku: kodi munthu amakhala wa dziko cifukwa ca magazi, ca pepala, kapena ca zaka zimene walitumikira?

Nanga ife?

Kumudzi yankho tili nalo kale, ngakhale silinalembedwe. Munthu wobwera akapempha malo kwa amfumu, sitimufunsa pasipoti. Timaona ngati abwera ku maliro, ngati agwira khasu pokumba manda ndi polambula msewu, ngati ayesa kupereka moni m'cinenero cathu ngakhale lilime likukana. Wotero patapita zaka timamucha wathu. Womanga mpanda wautali amakhala mlendo ngakhale atabala adzukulu pa malopo. Muyeso umenewu ndi womwe unasiyanitsa azungu amene anaikidwa kuno ndi aja anacoka mu 1964, ndipo ndi womwe usiyanitsa Angelezi a ku Spain lero.

Muyeso womwewo ukhudza ana athu amene ali ku Leeds, ku Glasgow ndi ku London. Tisawakwiyire akazolowera za kumeneko, cifukwa wosazolowera amavutika kawiri. Tisawayese ogona pa ndalama, pakuti ngati wocoka ndi mapaundi m'thumba amalira usiku, nanga wocoka ndi ngongole ya tikiti? Kuyambira 2016 malamulo a dziko lathu alola munthu kukhala nzika ya maiko awiri, motero mwana wotenga pasipoti ya Britain sanataye Zambia. Amene anautaya unzika kale atha kupempha kuti aubwezeredwe. Tiwauze zimenezi, ndipo naonso afunse bwino za penshoni yao asanaganize zodzapumira kuno.

Mbali yathu ndi kusunga kwao kuti akadzabwera adzakupeze. Munda wa mwana amene ali kunja udziwike kwa amfumu ndi kwa abale onse, kuti pasadzakhale milandu. Maliro akacitika amve tsiku lomwelo, popeza lero foni ili m'thumba la aliyense. Ndipo tsiku limene adzatsika basi ndi ana olankhula Cingelezi cokha-cokha, tisayambe ndi kuwaseka. Tiwayalire mphasa, tiwasambitse m'manja, tiwaonetse kambutsidwe ka nsima, ndipo agogo awaphunzitse mau oyamba, kuti “Zikomo” ndi “Tacoka”.